Filimu yaupandu ikathera m'malere, tsutsanani motere

Musanayambe kukokana, tsimikizani kaye kuti filimuyo yathadi. Kuno ku Dedza ndi ku Ntcheu mafilimu a magawomagawo amayenda pa fulashi ndi pa memori khadi, ndipo gawo lomaliza limaduka ngati malo anachepa kapena wina anazula fulashi kukopera kusanathe. Yerekezani kutalika kwake ndi magawo ena: anzake akakhala a mphindi 50 ilo n'kukhala la 38, ndiye kuti ladukira panjira. Onaninso ngati mayina a ochita sewero atuluka kumapeto. Ikakhala yomasulira m'Chichewa, funani ina yosamasulira, chifukwa womasulira sakonda kuti pakhale zii. Pamene wolemba anasiya chete dala, womasulirayo amathirapo mawu ake n'kukugamulirani mlandu.

Yophunzirira bwino ndi The Sopranos ya kanema wa ku America wotchedwa HBO, yomwe inayamba mu 1999 n'kutha pa 10 Juni 2007 itakwanitsa magawo 86. Kumapeto kwa gawo lomaliza, Tony Soprano, mkulu wa gulu la zigawenga, wakhala m'lesitilanti ku New Jersey ndi mkazi wake komanso mwana wake wamwamuna. Mwana wamkazi, Meadow, akulimbana ndi kuimika galimoto panja. Bambo wina wachilendo wamuyang'anayang'ana Tony kenako walowa kuchimbudzi. Belu la pachitseko lilira, Tony adzutsa mutu, sikirini n'kuda bii kwa masekondi pafupifupi 10 popanda kaphokoso kalikonse. Ambiri ku America anayesa TV yawonongeka.

Bwerezani mphindi 5 zomalizazo kawiri, kachiwiriko mutatsekeratu mawu kuti maso agwire ntchito okha. Mmodzi agwire rimoti, wina azilemba. Mudzaona kuti belu likalira, kamera imaonetsa nkhope ya Tony kenako n'kuonetsa chimene iye akuona. Ulendo womaliza, pamalo pa chimene akuonacho pabwera mdima. Onena kuti anaphedwa amaima pamenepa, ndipo amakumbutsa tsiku lija Tony ndi mlamu wake Bobby akucheza m'boti, pomwe zinanenedwa kuti mwina munthu sumva n'komwe nthawi yako ikakwana. Enawo amati mfuti sinaoneke ndipo sinamveke, wolemba amangotilawitsa moyo wa munthu amene mtima umakhala m'mwamba chitseko chikangotseguka. Mbali yoyambayo ndi yolemererapo, koma musaipatse chigamulo mbali inayo isanamvedwe mokwanira.

Gulu lisapitirire anthu 8, ndipo aliyense apatsidwe mphindi 2. Ayambe ndi achichepere, poti akayamba akuluakulu otsalawo amangoti "ndi momwemo, bambo" nkhani n'kufera pomwepo. Wina akanena mfundo, mufunseni mwaulemu: "Achimwene, mwachionera pa mphindi iti chimenecho?" Akalephera kuloza, mfundoyo ilembedwe kumbali ya zongoganizira.

Chimene chimasokoneza kwambiri n'kusakaniza funso lakuti "kodi anafa?" ndi lakuti "kodi amayenera kufa?". Munthu amene zamupweteka nkhanza za Tony amaona imfa paliponse, pomwe womukonda amakana ngakhale umboni uli poyera. Yambani ndi funso loyambalo, lachiwirilo lidikire. Wina akabwera ndi kavidiyo ka pa Facebook kakuti David Chase, amene anayambitsa seweroli, anaulula zonse, kasungeni mpaka aliyense atalankhula. Mukakatsegula, mverani mawu a mwini wakeyo kuyambira poyamba mpaka pothera, osati zimene woika kavidiyoko walemba pamwamba pake.