Mfumukazi ya njuchi yatsala m'manja mu June, muchite nayo bwanji?

Kuno ku Kasungu mwezi wa June ndi umene ambiri timaphatikiza ming'oma yofooka. Uchi takolola, maluwa a mtondo akutha, kuzizira kwafika, ndiye ming'oma iwiri yopanda mphamvu timangoyisandutsa umodzi kuti ifike mu September. Koma mukatero mumatsala ndi mfumukazi imodzi yamoyo, ndipo kuyifinya mtima sulola. Ine ming'oma yanga ndi ya Kenya top bar, ija yokhala ndi mabala (timatabwa toyala pamwamba pomwe njuchi zimamangapo zisa), ili cha ku Linyangwa mbali ya paki ya Kasungu, ndiye zomwe ndikunenazi ndi za ming'oma yotero.

Choyamba isungeni kaye isafe. Mfumukazi payokha sikhalitsa, imadalira zinzake kuyidyetsa, ndiye muyiike m'kakhola pamodzi ndi njuchi 5 kapena 6 za mng'oma wake womwewo. Kakhola musavutike kugula, bokosi la machesi loboola timabowo ndi singano limagwira, ma curler atsitsi aja otseka mbali zonse ndiye abwino koposa. Ine ndinatumizapo ndalama kwa mkulu wina pa WhatsApp, timakhola ta pulasitiki tomwe tinabwera mabowo ake njuchi inkalowa ndi kutuluka, pano foni yake siyankhidwanso. Pakani kadontho ka uchi, kathonje konyowa pambali, muyike m'thumba la malaya kuti izimva kutentha. Padzuwa ayi.

Chachiwiri, dziwani ngati inali ikuikira. Yang'anani zisa za mng'oma womwe yachokera, dzira limodzi limodzi pansi pa kabowo ndi ana ovundikiridwa mothithikana, imeneyo ndi mfumukazi yoti musataye. Ngati ndi yaing'ono yoti sinakumane ndi zazimuna, nkhani yavuta, chifukwa nyengo ino njuchi zimathamangitsa zazimuna kuti zisamalize chakudya, ndipo ikatha masabata ngati atatu osakwatiwa idzangoikira mazira a zazimuna okhaokha. Yoteroyo musawonongere shuga.

Chachitatu, kuyilowetsa mu mng'oma wina, ndi pomwe ine ndinalira. Ndinali ndi mng'oma wina wamphamvu ndithu koma mfumukazi yake itakalamba, ana ali apo ndi apo, ndiye ndinati ndisinthanitse. Ndinachotsa yakaleyo m'mawa, pompo nkutsegula bokosi la machesi kuyitulutsira yatsopanoyo pa chisa, poganiza kuti utsi wokha ukwanira kubisa fungo. Ndikuwona chonchi zinayiunjirira, kukhala kampira kolimba, ine nkumati zikuyilandira. Kunali kuyipha kumeneko. Mawa lake ndinayipeza pakhomo pa mng'oma itauma, ndipo yakale ija ndinali nditayifinya kale. Zinayesa kulera yawo, inatuluka ndithu, paja mfumukazi imatenga masiku 16 kuchokera pa dzira, koma zazimuna kunalibe. Pofika August mng'oma wonse unali wa mphutsi zodya sera. Mpaka lero zimandiwawa, unali mng'oma wanga woyamba.

Ndiye chitani chonchi. Chotsani yakaleyo koma musayiphe kaye, isungeni m'kakhola kena mpaka mutsimikize. Mng'oma ukhale tsiku limodzi lathunthu wopanda mfumukazi kuti zizindikire kuti zasiyidwa. Mawa lake madzulo tsegulani, muthyole tizikho tonse tolereramo mfumukazi yatsopano tomwe zayamba kumanga, mukasiya kamodzi kokha zisankha yawoyo. Tulutsani njuchi zoperekeza zija, kakhola kali chitsekere mukamangirire ndi kawaya pakati pa mabala awiri omwe ali ndi ana, mabowo asatsekeke ndi chisa. Dikirani masiku atatu. Mukabwerako musathamangire kutsegula, yang'anani kaye khalidwe lawo. Zikamaluma kakholako, zitakakamira moti kuzikankha ndi nthenga sizikusuntha, bwezerani, onjezani masiku awiri. Zikamayenda mofatsa nkumalowetsa lilime m'mabowo kuyidyetsa, yalandiridwa. Apo tsekulani mbali imodzi mumate ndi icing sugar wokanda ndi uchi pang'ono, zidzadya zokha nkuyitulutsa inu mulibe. Kenako sabata yonse musagwire mng'omawo, njuchi zathu zakunozi sizichedwa kusamuka mukamazisokoneza. Zikamadya sizilusa kwambiri, ndiye kapu ya shuga pa kapu ya madzi, muyike mkati mwa mng'oma madzulo, panja muyitana akuba a ming'oma ina.

Ngati palibe mng'oma wofuna mfumukazi mutha kuyiyambitsira kabanja kake m'kabokosi kogwirira njuchi ka mabala asanu. Zisa ziwiri za ana ovundikiridwa ndi njuchi zake, chimodzi cha uchi, khomo lichepetsedwe, mukapachike kutali makilomita atatu kuti zisabwerere kwawo, oyilo wakutha pa waya chifukwa cha linthumbu. Kulowetsa kwake ndi komwe kuja. Koma werengerani kaye, mudyetsa mpaka mitengo ya mango ndi ya tsamba itachita maluwa, ndipo mtengo wa shuga mukuudziwa nokha. Ine ndimatero pokhapokha mfumukaziyo ili yabwino zedi.

Apo ayi funsani anzanu a mu kalabu ya alimi a njuchi, nthawi zambiri pamapezeka wina amene mng'oma wake wamasiye, mukampatse tsiku lomwelo. Zonse zikakanika, kapena ili yosakwatiwa ija, iponyeni m'kabotolo ka kachasu mutseke bwino. Mu September mudzadonthezere pang'ono m'mabokosi ogwirira njuchi pamodzi ndi sera ndi lemongrass, ine chaka chatha mabokosi awiri analowa motero.