Boma lathu lakula kapena ayi? Nayi njira yoliyezera nokha

Mkangano uja wa mminibasi sumatha, wina akuti boma lanenepa poti nduna ndi ma galimoto awo zachuluka, wina akuti nlochepa poti kuchipatala nesi mmodzi akuthamanga ndi wodi yonse usiku. Onse akunena zoona, kungoti aliyense wagwira sikelo yake. Foni yanu ili ndi kakyuleta, tiyeni.

Yambani ndi bajeti yomwe nduna ya zachuma imawerenga ku Nyumba ya Malamulo. Chaka cha boma pano chimayamba pa 1 Epulo nkutha pa 31 Malichi. Tengani ndalama zonse zomwe boma lagwiritsa ntchito, mugawe ndi GDP, kapena kuti mtengo wa zonse zomwe dziko lapanga chaka chimenecho (amawerengera ndi a NSO, ofesi ya boma yoona za ziwerengero ku Zomba), kenako muchulukitse ndi 100. Mukapeza 25 ndiye kuti pa K100 iliyonse, K25 yadutsa mmanja mwa boma. Chonde musamangoyerekeza ma triliyoni a chaka chino ndi a chaka chatha, kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 ndiye manambala amafufuma okha ngakhale boma lisanagule panado mmodzi owonjezera.

Kenako chitani chimodzimodzi ndi misonkho yomwe MRA yatolera. Nambala iyi imatsika kuposa yoyamba ija, ndipo mpata otsalawo kwambiri umatsekedwa ndi ngongole komanso thandizo lakunja.

Apa ndi pomwe ine pamandiwawa. Pa ndalama zogwiritsidwa ntchito zija chotsanipo chiwongola dzanja cha ngongole, muone zotsala. Boma litha kuoneka lalikulu papepala pomwe ndalama yambiri ikungopita kwa omwe analikongoza, mwana wa sitandade 3 akuphunzirirabe pansi pa mtengo wa mango, choko chatha.

Werenganinso anthu. Aphunzitsi, apolisi, manesi ndi ena olandira malipiro kuboma muwayerekeze ndi chiwerengero cha dziko, kalembera wa 2018 anapeza anthu pafupifupi 17.5 miliyoni koma pano tachuluka, fufuzani nambala yatsopano.

Musaiwale ESCOM, ADMARC ndi ma water board, mabuku awo ndi apadera koma ndi a boma ndithu. Palinso mphamvu ina yosalowa mu kakyuleta: MERA ikalengeza mtengo wa petulo madzulo, mmawa kondakitala wakweza kale, ndipo pa bajeti simuzionapo.