Galimoto yagona zaka m'chigafa: musinthe chiyani, musiye chiyani?

Chaka chatha titangotha kukolola, mnyamata wina wa ku Katete anandiitana kuti ndikaone galimoto imene malemu bambo ake anasiya. Inali MGB ya 1966, galimoto ya ku England ya anthu awiri, ya denga la tenti, ndipo inali itagona m'chigafa cha fodya zaka zoposa 20. Matayala onse anayi anali ataphwa n'kumatirira pansi. Titatsegula boneti tinapeza makoko a mtedza ali mbwee pamwamba pa injini, makoswe atamangapo mudzi. Mnyamatayo anatulutsa foni n'kundionetsa zimene ankafuna kugula: marimu onyezimira a mainchesi 17, wailesi ya masipika akuluakulu, ndi penti wofiira.

"Bambo, tiyambe ndi chiti?"

"Mwanawe, talowa uponde buleki."

Anaponda. Phazi linangopita mpaka pansi popanda chokana.

Amene muli ndi galimoto yotere, kaya ndi MGB, Triumph Spitfire, Ford Capri kapena Datsun 240Z, ndalama zanu ziyambe zapita kumene diso siliona. Chinthu chilichonse chimene mukufuna kusintha muchifunse: kodi chithandiza kuti galimotoyi iime bwino ndiponso ifike kumene ikupita? Nanga ndikadzasintha maganizo, chidzamasuka ndi sipanala n'kubwezerapo chakale, kapena mpaka kudula chitsulo? Ndipo chikafera pa Nyimba dzuwa litapendeka, makaniko wa pamenepo angachikonze? Chikalephera mafunso amenewa chidikire.

Musanagule ngakhale bauti limodzi, gonani pansi ndi tochi ndi sikuludiraiva. MGB ilibe chasisi chapadera ngati vaneti. Thupi lake lenilenilo ndilo limanyamula zonse, ndipo mphamvu yake ili m'zitsulo zimene zimadutsa kunsi kwa zitseko. Zibayeni. Ngati sikuludiraiva ikulowa ngati mukubaya papaya, kapena chitseko chikuvuta kutseka mukaikweza pa jeke, dziwani kuti ntchito yoyamba ndi ya wowotcherera, ndipo akadule chitsulo chowolacho n'kuikapo chatsopano, osati kumatapo phala n'kupaka penti. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mwayi wathu kuno ndi wakuti m'misewu simuthiridwa mchere ngati ku Ulaya, choncho galimoto imene inakhala pouma nthawi zambiri imapezeka yolimba. Imene inkadonthedwa ndi denga, makapeti n'kusunga madzi dzinja lililonse, imawola pansi pa mipando. Tsiku lomwelo funani white book, buku la umwini wa galimoto, muone ngati manambala a injini ndi a thupi akugwirizana ndi olembedwawo. Ngati mwini wake anamwalira, nkhani ya umwini ithe kaye pabanja ndi ku RTSA, bungwe la boma lolembetsako magalimoto. Ndaonapo munthu atatsanulira ndalama za thonje la zaka ziwiri pa galimoto imene abale anadzaitenga itatha kukonzedwa.

Tsopano mabuleki. Mafuta a mabuleki amayamwa chinyontho, ndipo akakhala zaka osasinthidwa amadyetsa dzimbiri m'kati mwa masilinda ndi mapaipi. Apa palibe zopukuta n'kubwezera. Malabala onse, mapaipi ofewa, masilinda a kumbuyo, zonse zikhale zatsopano, ndipo mapaipi achitsulo akaoneka okayikitsa ikani a kopa wosakaniza ndi nikelo, amene sachita dzimbiri. MGB inabwera ndi madisiki kutsogolo ndi madiramu kumbuyo, ndipo kwa galimoto yopepuka chonchi, ya mahatchi pafupifupi 95, zimenezi zikakonzedwa bwino zimakwana. Musathamangire madisiki akuluakulu. Chimene ine ndimalimbikitsa ndi china. Zoyambirirazi zili ndi njira imodzi yokha ya mafuta a mabuleki, moti paipi imodzi ikaphulika mawilo onse anayi amasiya kugwira. Kuika silinda yaikulu ya njira ziwiri, ngati ya MGB zopangidwa zaka zotsatira, kumasiya mawilo awiri akugwirabe. Amene anatsikapo mapiri opita ku mlatho wa Luangwa akudziwa chifukwa chake ndikuumirira apa. Ena amafunsa za servo, chipangizo chothandiza phazi poponda buleki. Imafewetsa phazi, koma siifupikitsa mtunda woimira, choncho ndi ya amene mwendo ukuwavuta. Malamba a pampando odutsa paphewa ikani nthawi yomweyi, pomangira pake pakhale pachitsulo chamoyo.

Injini musailize ndi kiyi tsiku loyamba, ngakhale mtima ukufunitsitsa. Chotsani mapulagi, thirani oyilo pang'ono m'bowo lililonse, isiyeni masiku angapo, kenako muizungulitse ndi sipanala. Ikazungulira, tayani oyilo wakale, ikani oyilo wa 20W-50 ndi sefa yatsopano, muizungulitse ndi sitata mapulagi asanabwerere mpaka muvi wa oyilo ukwere. Petulo wakale amasanduka ulimbo wonunkha ngati vanishi. Thanki itsike itsukidwe, mapaipi a labala asinthidwe onse, makabureta awiri a mtundu wa SU amasulidwe n'kutsukidwa. Pa galimoto ya ku Katete ija tinatembenuza kiyi n'kumvetsera pafupi ndi wilo lakumbuyo lakumanja, pamene pamakhala pampu ya petulo. Ikakhala yamoyo imalira kuti the-the-the mpaka makabureta adzaze. Kunali zii. Timano take ta magetsi tinali titachita dzimbiri. Pampu ya mtundu womwewo yopanda timano timeneti ilipo, imamangika pamalo pomwepo, ndipo ndi imodzi mwa zosintha zimene sindikayika nazo.

Pali nkhani ya petulo imene ambiri amaiwala. Injini zimenezi zinapangidwa nthawi ya petulo wa mtovu, amene ankateteza pokhalira mavalavu a utsi. Kuchokera mu 2006 petulo woteroyo anasiya kugulitsidwa m'maiko a kuno kum'mwera kwa Sahara. Mutu wa injini ya MGB ndi wa chitsulo chosungunula, ndipo mukamaithamangitsa mtunda wautali, monga ulendo wa makilomita oposa 550 wa ku Lusaka, mavalavu amamira pang'onopang'ono. Ngati mutuwo mwautsegula kale pa chifukwa china, upititseni kwa a makina akaikemo zokhalira zolimba. Ngati injini ili bwino, musaitsegule chifukwa cha ichi chokha. Muziyeza mpata wa mavalavu pafupipafupi, ndipo ukayamba kuchepa ndiye kuti nthawi yakwana.

Ku magetsi ndiko kumene galimoto zambiri zotere zimapsera. Ya 1966 ili ndi mafyuzi awiri okha, nyali zazikulu sizidutsa pa fyuzi, ndipo mawaya a zaka zoposa 50 amene makoswe analawako sangakhale odalirika. Mtolo wonse wa mawaya watsopano umagulitsidwa, wa mitundu yofanana ndi yakale, ndipo ndi wabwino kuposa kulumikiza zigamba ndi tepi. Wonjezani mafyuzi, ikani marilee ku nyali ndi ku hutala, ndiponso swichi yodulira batire pamalo pamene dzanja lifika msanga. Chenjerani ndi ichi: MGB zopangidwa 1967 isanathe zinalumikiza mbali ya pulasi ya batire ku thupi la galimoto, mosiyana ndi galimoto za lero. Mnyamata wodziwa za Corolla akangoika batire monga anazolowera, kapena mukalumikiza chaja ya foni, china chake chipsa. Kuitembenuza kuti ifanane ndi za masiku ano n'kwanzeru, ndipo kampani yopanga MGB inachita chimodzimodzi mu 1967, pamene inachotsanso dainamo n'kuika alternator. Pochita zimenezi musaiwale wotchi yowerenga kuzungulira kwa injini, nayonso imafuna kutembenuzidwa. Mabatire awiri a mavoti 6 amene amakhala kuseri kwa mipando simuwapeza m'masitolo a mu Chipata, choncho ikani limodzi la mavoti 12 lokwana m'bowo limodzi, lomangidwa zolimba. Mapointi, timano ta magetsi ta mu distributor imene imagawira moto ku mapulagi, mungawasinthe ndi kachipangizo kamakono kobisika m'kati momwemo, koma akalewo muwakulunge m'kapepala azikhala m'galimoto. Kamakonoko kakafa, kafa. Mapointi munthu amawapala ndi kamwala n'kufika kwawo.

MGB zinapangidwira ku Abingdon, ku England, dziko limene silidziwa dzuwa la mu Okutobala. Radiyeta ipite kwa okonza akaitsegule, ndipo ngati yatha aikemo mkati mwatsopano mwa mizere yambiri. Tsukani njira za madzi m'injini mpaka madzi atuluke oyera, sinthani mapaipi ndi pampu ya madzi. Fani ya magetsi imathandiza mukaima pamzere wa magalimoto pafupi ndi msika wa Kapata, koma singachiritse radiyeta yotsekeka. Ndipo musachotse thermostat, kachipangizo kosunga kutentha kwa injini pa mlingo wake, monga amachitira ambiri. Injini yosafika pa kutentha kwake imamwa petulo wambiri n'kutha msanga. Masefa a mpweya akhale a pepala m'zitini zake zoyambirira. Timasefa tonyezimira ta waya timakongola pa chithunzi, koma fumbi la mu Ogasiti limadutsa ngati pa chitseko chotsegula n'kukapala masilinda.

Pa marimu aja tinakambirana nthawi yaitali ndi mnyamatayo. Zithunzi zimene anaona pa intaneti ndi za anthu oyenda m'misewu yosalala, amene amatsitsa galimoto kuti igwire bwino pokhota. MGB ili kale pafupi ndi nthaka, masentimita ngati 13 okha, ndipo ekizosi ndiyo imayamba kugunda. Werengani mahampu a pa Great East Road kuchokera ku Chipata kufika ku Petauke, muganizirenso kamsewu kolowera kumudzi kwanu mvula itagwa. Kutsitsa galimoto kuno n'kugula ekizosi chaka ndi chaka. Ikani masipiring'i atsopano a msinkhu woyambirira, chifukwa akalewo anafooka n'kukhala, ndipo ngati mumayenda m'fumbi kawirikawiri, chitsulo chotchinga pansi pa injini chili ndi phindu kuposa chokongoletsa chilichonse. Marimu akhale a mainchesi 14 omwewo, ndi matayala okhala ndi mnofu m'mbali oti azimeza mabampu. Tayala lalikulu m'lifupi limalemetsa chiwongolero, pakuti galimotoyi imakhota ndi mphamvu ya manja anu. Matayala a minibasi nawonso ayi, ngakhale akwane pa rimu, ndi ouma kwambiri kwa galimoto yopepuka. Pogula yang'anani manambala anayi omaliza m'mbali mwa tayala: awiri oyamba ndi sabata, awiri enawo ndi chaka chimene linapangidwa. Mukapeza manambala atatu okha, tayalalo ndi la chaka cha 2000 chisanafike, ndipo ngakhale mapanga ake aoneke atsopano, ntchito yake ndi yodzalamo maluwa.

Funso limene limabwera nthawi zonse ndi lakuti, bwanji osangoikamo injini ya Toyota? Ndimamvetsa. Masipeya ake ali paliponse, ndipo makaniko aliyense amaidziwa. Koma kuti ilowe pamafunika kudula ndi kuwotcherera, kusintha giyabokosi, shafuti, mawaya ndi mapepala ku RTSA, ndipo mukamaliza muli ndi galimoto imene wokonda MGB sangaigule pa mtengo wake, imenenso buku lililonse silingakuuzeni kakonzedwe kake. Injini yake ya 1798cc ndi yosavuta ngati ya thirakitala. MGB zinapangidwa zoposa 500,000 kuyambira 1962 mpaka 1980, n'chifukwa chake pafupifupi sipeya iliyonse ikupangidwabe mpaka lero. Chovuta n'kudikira katundu kuchokera ku England kapena ku South Africa ndi kulipira msonkho ku ZRA, bungwe lotolera misonkho, choncho lembani zonse zofunika muitanitse kamodzi. Ngati injini inasweka thupi ndipo ina yofanana yasowa, pamenepo tingakambirane. Amene chikumuvuta ndi kulira kwa injini pa msewu wautali, mankhwala ake ndi giyabokosi ya overdrive, yochepetsa kuzungulira kwa injini pa liwiro lalikulu, imene kampaniyo inkagulitsa yokha, kapena ya magiya asanu ya Ford Sierra imene ambiri amaikamo. Izi zidikire mpaka mutayenda nayo miyezi ingapo, mwina mupeza kuti maulendo anu ndi a ku Mwami ndi ku Chadiza basi.

Chilichonse chimene mwachotsa, dainamo, pampu, mapointi, ngakhale mabauti, chisungeni m'bokosi mutalembapo dzina, ndipo jambulani ndi foni musanamasule. Penti ndi mipando zibwere galimoto itapambana kale fitinesi ndiponso mutayenda nayo mokwanira kuti zodontha zonse zionekere, chifukwa mafuta a mabuleki akadonthera pa penti watsopano amamusupula.

Ya ku Katete ija ikadali ndi penti wake wotuwa wakale. Marimu sanagule. Mwezi wathawu mnyamatayo anabwera nayo yekha mpaka mu Chipata, amayi ake atakhala pambali atamanga duku zolimba chifukwa cha mphepo. Muvi wa kutentha sunadutse pakati, koma tapeza kuti wilo lakumanzere lakumbuyo likudontha oyilo, ndiye Loweruka lino tikulimasula.