Mukaluza mlandu, chitani apilo, osasumanso

Khoti likagamula mkangano wanu wa ngongole kapena wa malo, musathamangire kukasumiranso munthu yemweyo pa nkhani yomweyo. Woweruza amangotsegula fayilo yakale n'kuutaya mlanduwo, ati mukuseweretsa khoti, ndipo kawirikawiri ndalama zimene mnzanuyo wawonongera loya mumabweza ndinu. Kusintha mawu pa chisamani sikuthandiza ayi. Ngakhale mfundo imene munaisiya ulendo woyamba, pamene mukanatha kuinena, amaikana. Lamuloli linakhazikika ku England mu 1843, pa mlandu wa Henderson v Henderson. Choncho khuthulani zonse koyambako, malisiti ndi mboni zomwe. Chigamulo chikakuwawani, njira ndi apilo, koma ili ndi masiku ake owerengeka, ndiye funsani kalaliki wa khoti tsiku lomwelo. Amakani ena amafika poletsedwa kusuma popanda chilolezo cha woweruza.