Kusaka masipeya a miyendo ya ndege zing'onozing'ono zakale

Ndege zing'onozing'ono zambiri zimene zikuuluka lero zinatuluka m'fakitale pakati pa zaka za m'ma 1950 ndi za m'ma 1980. Masipeya a injini zake savuta kwenikweni, chifukwa injini imodzi ya Lycoming kapena Continental inkaikidwa m'ndege za mitundu yambiri. Miyendo yoterera ndiyo imasautsa. Mwendo uliwonse unapangidwira mtundu umodzi wa ndege, nthawi zina wa zaka zochepa chabe, ndiye kampani ikasiya kupanga ndegeyo zitsulo zake zimayamba kutha pang'onopang'ono. Chitsanzo ndi Piper Comanche, imene inasiya kupangidwa mu 1972 madzi osefukira atawononga fakitale ya ku Lock Haven, ku Pennsylvania. Kuyambira pamenepo eni ndegezi akhala akudalira zotsala m'nkhokwe, zochotsedwa pa ndege zina ndi zopangidwa ndi makampani ena ovomerezeka.

Kusaka kumayambira m'buku. Musanaimbire aliyense, werengani nambala ya ndegeyo pa kachitsulo kolembedwa kamene kanakhomedwa pa thupi lake, kenako tsegulani buku la zithunzi za masipeya, lija amakaniko amalitchula kuti IPC. Pambali pa nambala ya sipeya iliyonse pamakhala chizindikiro chosonyeza kuti ndi ya ndege zoyambira nambala iti kulekezera iti. Apa ndi pamene ambiri amatayira ndalama. Kungonena kuti "mwendo wa Cessna 172" sikuthandiza, chifukwa ndege zoyamba za mtunduwu zinali ndi mwendo wa chitsulo chophwatalala, pamene kuyambira za mu 1971 mwendo wake ndi wobulungira ngati paipi. Onaninso ngati ndi wa kumanzere kapena kumanja. Patebulo ingaoneke yofanana koma manambala ake ndi osiyana.

Nambala ya m'buku lakale ikhoza kukhala kuti inalowedwa m'malo ndi ina kawiri kapena katatu. Funsani wogulitsa masipeya a kampaniyo kuti akuuzeni mndandanda wonse wa manambalawo, ndipo posaka gwiritsani ntchito onse. Wogulitsa zakale amalemba nambala imene waiona pa chitsulocho, osati yatsopano. Kusintha kwina kumalola mbali imodzi yokha: sipeya yatsopano ingalowe m'malo mwa yakale, koma yakale singabwerere pamene pakufunika yatsopano, makamaka ngati inasinthidwa chifukwa inkang'aluka.

Werenganinso mabuku a mbiri ya ndegeyo. Pa zaka 50 ndege imadutsa m'manja ambiri, ndipo zimene zili pa mwendo lero sizingakhale zimene buku likunena. Ndege zambiri zimene zinatuluka ndi mawilo ndi mabuleki a Goodyear zinaikidwa a kampani ya Cleveland kudzera mu STC, chilolezo chosinthira zinthu pa ndege yovomerezedwa kale. Mukaitanitsa sipeya motsatira buku la fakitale pa ndege yotere, mudzalandira chinthu chosalowa.

Mukadziwa chimene mukufuna, dzifunseni kuti anachipanga ndani kwenikweni. Zinthu zambiri zimene zimaoneka zosowa sizinapangidwe ndi kampani ya ndegeyo. Mabawuti, manati, mawashala ndi mapini ambiri ndi a miyezo ya ku America yotchedwa AN, MS kapena NAS, ndipo amapangidwabe mpaka pano. Nambala yake imafotokoza zonse: pa AN4-12A, 4 akutanthauza kuti bawutiyo ndi yonenepa 4/16 ya inchi, 12 ndi kutalika kwa pafupifupi inchi imodzi ndi 2/8, ndipo A akusonyeza kuti ilibe bowo la pini. Koma pamene buku latchula bawuti ya NAS yolowa mothina, musaikepo ya AN ngakhale itaoneka yolingana. Kampata kakang'ono pa bawuti ya torque link, tizitsulo tokhala ngati sizasi toletsa wilo kupotoloka, kamakula msanga n'kusanduka kugwedera kwa wilo lakutsogolo. Mabawuti a galimoto asayandikire n'komwe.

Mawilo ndi mabuleki ali ndi manambala a amene anawapanga, monga Cleveland kapena McCauley, olembedwa pa chitsulocho, ndipo mabeyaring'i a mawilo ambiri ndi a Timken. Ma O-ring (timphete ta labala toletsa mafuta kutuluka) a mu oleo strut, gawo la mwendo lokhala ndi mafuta ndi mpweya lofewetsa katereredwe, nawonso sasowa. Ambiri ndi a gulu la MS28775, oyenderana ndi mafuta ofiira a MIL-H-5606. Chofunika kusamala ndi mtundu wa labala ndi tsiku limene anapangidwa. Labala wopangidwira mafuta a Skydrol, a ndege zikuluzikulu, amatupa n'kuwonongeka m'mafuta ofiira, ndipo phukusi limene lakhala pashelefu zaka zambirimbiri limatuluka louma.

Zosowa zenizeni ndi zitsulo za ndegeyo payokha: mwendo weniweniwo, foloko ya wilo lakutsogolo, trunnion (chitsulo chimene mwendo umazungulirapo popindika), pisitoni ya strut, ndodo zotsekera mwendo ukatsika, ndi mota kapena actuator wopinda miyendo. Poyambira ndi amene ali ndi chiphaso cha mtundu wa ndegeyo masiku ano, amene dzina lake limalembedwa pa chikalata cha TCDS. Si nthawi zonse pamene amakhala amene anaipanga. Cessna ndi Beechcraft zili pansi pa Textron Aviation kuyambira mu 2014, pamene Univair ya ku Colorado ndiyo imasamalira Ercoupe ndi Stinson 108. Akakuuzani kuti alibe, funsani ngati angapange mukaitanitsa ndi miyezi imene zingatenge.

Kenako pali makampani okhala ndi chilolezo cha PMA, amene amapanga masipeya atsopano ovomerezedwa ndi FAA (bungwe la boma la America loona za ndege), monga McFarlane ndi Univair yomweyo. Chilolezochi chimatchula mitundu ya ndege imene sipeyayo ingaikidwe, choncho onani kuti yanu ilipo pa mndandandawo. Nthawi zina sipeya ya PMA imaposa ya fakitale, chifukwa anaipanga atadziwa kale pamene yoyambayo inkafookera.

Magulu a eni ndege za mtundu umodzi, monga American Bonanza Society ndi International Comanche Society, ndi othandiza kuposa mmene anthu amaganizira. Iwo amadziwa amene ali ndi zotsala, shopu imene imakonza bwino actuator wa mtundu wakutiwakuti, ndiponso sipeya ya ndege ina imene ili ndi nambala yofanana ndi yanu.

Pamapeto pake ambiri amafika kwa ogulitsa zochotsedwa pa ndege zowonongeka, monga Wentworth Aircraft, Preferred Airparts ndi BAS Part Sales. Apa m'pofunika kudekha, chifukwa ndege zambiri zimafika kumeneko chifukwa cha ngozi ya potera, ndipo mwendo ndiwo umalandira mphamvu yonse ya ngoziyo. Funsani nambala ya ndege imene sipeyayo inachotsedwa, maola amene inauluka ndi chimene chinaiwononga. Ndege imene inagwetsedwa ndi mphepo itaimikidwa, kapena imene inasiyidwa chifukwa cha dzimbiri m'mapiko, ingakhale ndi miyendo yabwinobwino. Imene inapsa ndi moto ipeweni, ngakhale mwendowo utaoneka wosakhudzidwa. Zitsulo za miyendo zimalimbitsidwa ndi kutentha koyezedwa bwino ku fakitale, ndipo moto umachotsa kulimba kumeneko osasiya chizindikiro. Imene inamira m'madzi a mchere ndi chimodzimodzi, dzimbiri limadyera mkati mwa mapaipi. Pemphani zithunzi zoonetsa nambala ya pa chitsulocho, mabowo a mabawuti ndi malo opindika, ndipo mugwirizane kuti sipeyayo ikalephera poyesedwa mudzaibweza.

Za mapepala, musasokoneze zinthu ziwiri. FAA Form 8130-3 kapena EASA Form 1 (ya bungwe la ku Ulaya loona za ndege) ndi chikalata chosainidwa ndi wovomerezeka, chonena kuti sipeyayo ndi yatsopano, yayesedwa, yakonzedwa kapena yapangidwa overhaul (kumasulidwa yonse n'kukonzedwanso). Kapepala kachikasu komangiriridwa pa chitsulo sikatanthauza kanthu pakokha. Chofunika ndi zimene zalembedwapo ndi amene wasaina. Sipeya yolembedwa kuti "as removed" ndiye kuti palibe amene waiyesa, udindo wonse uli pa injiniya amene adzaiike. Ngati ndegeyo inalembetsedwa kunja kwa America, bungwe loona za ndege la dziko limenelo ndi limene limanena mapepala amene lingalandire, ndipo ndi bwino kufunsa musanalipire.

Sipeya ikafika, isapite pa ndege isanayesedwe. Chotsani penti pa malo amene buku lokonzera lanena. Zitsulo zokoka maginito zimayesedwa ndi magnetic particle (ufa wa chitsulo umene maginito amauunjika pa mng'alu), pamene za aluminiyamu ndi magineziyamu zimayesedwa ndi mankhwala olowa m'ming'alu kapena ndi eddy current (njira yopezera ming'alu ndi mphamvu ya magetsi). Ming'alu imakonda kuyambira m'mphepete mwa mabowo, pa ngodya pamene chitsulo chikusintha kunenepa ndi pa malo owotcherera. Pa mwendo wa chitsulo chophwatalala wa Cessna yang'anitsitsani pansi pa chopondapo ndi pamene mwendo umalowa m'thupi la ndege, chifukwa madzi amakhazikika pamenepo. Kadzenje kamodzi ka dzimbiri pa chitsulo chimene chimapindika nthawi iliyonse ndege ikatera ndi kokwanira kuyambitsa mng'alu. Buku limanena kuya kumene mungapale, ndipo kukapitirira pamenepo mwendowo watha ntchito. Sauwotcherera, sauwongola ndi moto, sauboola. Mawilo akale a magineziyamu amadyeka pamene tayala limakhala ndi kuzungulira mabowo a mabawuti. Yezani mabowo onse ndi zida zoyezera, osati ndi maso, chifukwa bowo lotakasuka limasanduka la ngati dzira mbali imodzi yokha.

Onaninso ngati pali lamulo la AD (lolamula eni ndege kuyesa, kukonza kapena kusintha chinthu choopsa) kapena chidziwitso cha kampani chokhudza sipeyayo. N'zotheka kugula chitsulo chimene wina anachichotsa pa ndege yake chifukwa lamulo linachiletsa. Zina zili ndi nthawi yake yosinthira: pa Comanche, AD 77-13-21 imalamula kusintha zingwe za labala za miyendo pakatha maola 500 kapena zaka zitatu. Zinthu za labala zotere, kuphatikizapo zingwe za Piper Cub ndi malabala obulungira a miyendo ya Mooney, musagule zogwiritsidwapo kale ntchito. Zatsopano zilipo.

Nthawi zambiri kukonza chimene muli nacho n'kwachangu kuposa kusaka. Pisitoni ya strut imene chrome yake yakanduka kapena yachita timaenje imadula O-ring watsopano aliyense, n'chifukwa chake strut ina imafota patangopita masabata ochepa itakonzedwa. Ikhoza kupalidwa n'kukutidwanso ndi chrome, koma pa shopu yovomerezeka ya za ndege yokha. Pokuta chrome mpweya wa haidrojeni umalowa m'chitsulo n'kuchichititsa kuti chizithyoka msanga, choncho chimayenera kuikidwa mu uvuni wa madigiri pafupifupi 190 a Celsius kwa maola angapo chikangotuluka. Shopu yokuta zokongoletsera za galimoto sichita zimenezi. Bowo lotakasuka nalo lingathe kukulitsidwa n'kuikidwa bushi yokulirapo, ngati buku kapena injiniya wovomerezeka walola.

Zonse zikakanika, malamulo a FAA pa ndime 21.9 amalola mwini ndege kupangitsa sipeya ya ndege yake yokha, osati yogulitsa, malinga ngati watengapo mbali pa kapangidwe kake ndipo sipeyayo ikufanana ndi yovomerezeka. Chikalata cha AC 23-27 chimafotokozanso za kusintha masipeya pa ndege zakale. Njirayi ndi yabwino pa mabushi, tizitsulo tochirikiza ndi zitseko za miyendo. Pa mwendo weniweniwo kapena trunnion ndi yovuta kwambiri, chifukwa kukopera maonekedwe n'kosavuta koma mtundu wa chitsulo ndi mmene anachilimbitsira simungazidziwe popanda zojambula za fakitale.

Poika, ndege ikwezedwe pa majeke pa malo ake oyenera. Manati odzitseka okha ndi mapini opinda aikidwe atsopano, ndipo bawuti iliyonse imangidwe ndi sipanala yoyezera mphamvu motsatira buku. Strut imadzazidwa mafuta kaye, kenako naitrojeni, mpaka pisitoni itatuluka utali umene buku lanena. Okosijeni musayese, akakumana ndi mafuta amaphulika. Mukasintha mwendo wa chitsulo chophwatalala, yezaninso kulunjika kwa mawilo n'kukonza ndi tizitsulo topyapyala ta kuseri kwa akisulo, apo ayi tayala lidzadyeka mbali imodzi ndipo ndege yokhala ndi wilo kumchira idzavuta kuwongola potera. Pa ndege yopinda miyendo, kwezani ndi kutsitsa miyendoyo kangapo ili pa majeke, yesani njira yotsitsira pa ngozi, yezani mphamvu ya zotsekera, ndipo onani kuti magetsi obiriwira osonyeza kuti mwendo watsika akuyaka mwendo utatsekeka kale, osati usanafike. Mu buku la mbiri ya ndege mulembedwe nambala ya sipeyayo, kumene yachokera ndi mmene inayesedwera, mapepala ake onse asungidwe pamodzi ndi bukulo.