Momwe Mungayesere Ngati Makina Amaganiza

Njira iyi anaipereka Alan Turing, katswiri wa masamu wa ku Britain, mu 1950, ndipo mungaiyese nokha. Pezani mnzanu mmodzi ndi kompyuta yokhala ndi pulogalamu yocheza, ndipo mayankho awo azikufikani olembedwa, popanda inu kudziwa amene walemba. Afunseni mafunso ofanana, makamaka amene amafuna kuti woyankha akhale ndi thupi, monga momwe chala chimamvera chikakhudza mphika wochoka kumene pamoto. Za masamu musataye nazo nthawi. Mukalephera kusiyanitsa mayankhowo, makinawo apambana mayesowo. Komabe musafulumire kunena kuti amazindikira, popeza John Searle anatsutsa mu 1980 kuti kusanja zilembo molondola sikutanthauza kumvetsa zimene zilembozo zikunena.