Nkhanga mukuziona kutchirezo, ndi zakutchiredi?

Alimi anzanga a ku Dedza ndi Ntcheu, nkhani iyi ndakhala ndikuifotokoza pakamwa m'midzi koma lero ndati ndiilembe ifike patali. Sabata yatha bambo wina wa cha ku Bembeke ananditumizira chithunzi pa WhatsApp, gulu la nkhanga zikutola m'munda mwake momwe anakolola chimanga, funso lake linali loti kodi nkhanga zakutchire zayamba kuyera chifuwa? Nditayang'anitsitsa ndinaona kuti pagulupo zitatu sizinali zakutchire ayi, zinali zoweta zomwe zinathawa pakhomo pa munthu n'kukalowerera.

Nkhanga yakutchire ndi yathu, makolo athu anaipeza konkuno. Koma yoweta ija timagula pamsika ngati wa Lizulu gwero lake ndi lina, makolo ake anachokera kumadzulo kwa Africa, ndiye ikalowa m'tchire mwathu muno ndi mlendo ngakhale patali zimaoneka zofanana.

Mukafuna kusiyanitsa yambani ndi mutu, osathamangira mawanga chifukwa mawanga onse ali nawo. Yakutchire nkhope ndi khosi lakumtunda zimakhala za buluu, tizikopa tolendewera m'mbali mwa mlomo timakhala tosongoka, ta buluu koma kunsonga kofiira, ndipo kanyanga kapamutu kamakhala kotalikirapo. Yoweta nkhope yake imayera ngati yapakidwa ufa, tizikopa tija ndi totambalala ndi tofiira, makamaka yaimuna. Kenako onani miyendo. Yakutchire miyendo ndi yakuda, pomwe zoweta zambiri zimakhala ndi miyendo yofiirira kapena yamathothomathotho. Ndiye pali nthenga, mukaona chifuwa choyera, kapena nthenga zoyera kuphiko pamene yauluka, kapena thupi lonse loyera kaya lotuwa ngati phulusa, musavutike n'kufunsa, imeneyo ili ndi magazi a yoweta basi.

Khalidwe nalo limaulula. Yakutchire siyikudikira, ikangokuona patali yathawa kale wapansi, ukaipanikiza mpamene imauluka. Yolowerera imakulola kuyandikira, thupi lake ndi lolemererapo, ndipo madzulo imakonda kuzungulirazungulira kufupi ndi nkhokwe kapena pomwe amayi amapetera. Koma chenjerani, ikakhalitsa kutchire nayonso imachenjera, ndiye khalidwe lokha musalidalire, liphatikizeni ndi za mutu ndi miyendo zija. Ngati muli ndi foni jambulani m'mawa dzuwa likangotuluka pamene zatsika m'mitengo, muzationetse.

Pali nkhanga zina zamitundu iwiri zoti ndingotchulako. Ina ili ndi nthenga zakuda zopotana pamutu m'malo mwa kanyanga, imeneyo ndi ya m'Malawi momwemuno, imakonda nkhalango zowirira ngati ku Lengwe ku Chikwawa. Ina ya khosi lalitali, maso ofiira, chifuwa cha buluu chokhala ndi mizere italiitali yoyera, kwawo ndi ku Kenya, Ethiopia ndi Somalia, mukaiona kuno ndiye kuti yapulumuka kwa wina amene amaweta zokongoletsa pakhomo.

Mwina wina afunsa kuti nanga vuto lili pati, si nkhanga ndi nkhanga? Ine zimandikhudza pa zifukwa izi. Zoweta zikalowerera zimakwerana ndi zakutchire, ana obadwawo sakhalanso nkhanga yathu yeniyeni ija, ndipo woyera chifuwa amaonekera patali kwa kabawi ndi agalu. Kwa ife okhala m'mphepete mwa Chongoni, nkhalango ya Dedza-Salima, kapena Dzonzi ndi Mvai ku Ntcheu, mtunda wochoka pakhola kufika pomwe zakutchire zimadya ndi waufupi kwambiri. Chachiwiri ndi matenda, chitopa sichigwira nkhuku zokha, nkhanga nazo chimazigwira, ndiye mbalame yoti lero yagona kutchire mawa yabwera kudzadya ndi nkhuku zanu ndi njira yabwino yoyendetsera matenda uku ndi uku. Chachitatu ndi thumba lanu lomwe, nkhanga imodzi pamsika mtengo wake umaposa wa nkhuku yachikuda, kuitaya chonchi ndi ndalama imeneyo.

Ndiye titani? Akuluakulu amati nkhanga zinapangana kusanapse, ifenso tikonzeke mvula isanagwe chifukwa nyengo yoikira mazira ndi yadzinja, ndipo nthawi imeneyi ndi yomwe zambiri zimasowa. Yaikazi imakabisa chisa muudzu kutali ndi nyumba, ikayamba kufungatira sibweranso, ikaswa komweko anawo amakula osadziwa khola, gulu lolowerera limayamba choncho. Muitsatire mwakachetechete cha kum'mawa mpaka mupeze chisa, muzitola mazira koma kusiyamo awiri kapena atatu kuti isasamuke. Yaikazi mudzaidziwa ndi kulira kwake kwa mawu awiri kobwerezabwereza, yaimuna imangolira liwu limodzi lokalipa.

Mazirawo apatseni nkhuku yachikuda yomwe yayamba kufungatira, 10 kapena 12 akwana malinga ndi kukula kwa thadzi. Amatenga masiku 26 mpaka 28 kuti aswe pomwe a nkhuku ndi 21, choncho musawaike tsiku limodzi ndi a nkhuku, thadzi lidzanyamuka ndi anapiye ake n'kusiya a nkhanga akuzizira. Ubwino wa njira iyi ndi woti tiana ta nkhanga timatsatira nkhukuyo n'kuphunzira kulowa m'khola madzulo. Kuno kwathu kumazizira, inu a ku Tsangano ndi Dedza boma mukudziwa, ndiye masabata oyambirira musatitulutse mame asanaume, timafa msanga tikanyowa.

Nkhanga zogula kumene zitsekereni masabata angapo, ine ndimalangiza 6, zizolowere malo, ndipo muzizipatsa madeya kapena mapira madzulo nthawi imodzimodzi tsiku lililonse kuti zikhale ndi chobwerera. Zouluka kwambiri dulani nthenga zazitali za phiko limodzi lokha. Katemera wa chitopa wa I-2, wodonthezera m'diso uja, pamene mukutemera nkhuku miyezi inayi iliyonse nkhanga musazisiye.

Mukapeza zolowerera m'munda mwanu yambani mwafunsa kwa anansi ndi kwa amfumu, kawirikawiri mwini wake amapezeka m'mudzi woyandikana. Kuzigwira kwake n'kozinyengerera ndi chakudya masiku angapo mpaka zilowe mu kakhola, osati kutchera makhwekhwe, chifukwa khwekhwe silisankha, ligwira ndi yakutchire yomwe, ndipo nyama zakutchire zili pansi pa lamulo, kusaka kumafuna chilolezo cha a nthambi yoona za nyama zakutchire. Mazira a chisa chakutchire asiyeni pomwepo. Yomwe mwaigwira muitsekere payokha masabata awiri musanaiphatikize ndi zinzake, mukaona ikuwodzera kapena kutsegula m'mimba itanani mlangizi wa ziweto wa dera lanu tsiku lomwelo.